Nthenda Inafika Mlamu Asanafike

Achimwene anga anakwatira mkazi wothawa nkhondo ku Mozambique. Mkaziyo anafika kwathu ku Katuli ndi mtolo umodzi, wopanda m'bale, wopanda nkhoswe. Mvula isanathe, achimwene maso anasanduka achikasu, thupi kutha, msana kuwawa. Azakhali nthawi yomweyo: “Wamudyetsa mankhwala uyu! Abwerere kwawo.” Kwawo kuti, kumene zipolopolo zikulira?

Ine ndine wapakamwa, ndimadziwika. Ndinaperekeza achimwene kuchipatala chachikulu, ndipo atawapimapima, ndinawapanikiza adokotala pakhonde. “Ndiuzeni zoona, adyetsedwa chiyani?”

Adokotala anati palibe, ndi khansa ya kapamba. Anati thupi limamangidwa ndi tizinthu tosaoneka ndi maso totchedwa maselo, ndipo kalikonse kali ndi malangizo ake: pogawikana apa, polekera apa. M'timitsempha ta kapamba, kaselo kamodzi malangizo ake anawonongeka. Ana ake anatengera cholakwikacho, adzukulu anawonjezera china, mpaka anaiwala kuleka. Chotupa chinakula mwakachetechete.

“Zimenezi zimatenga nthawi yaitali bwanji?”

“Zaka zambiri, mayi.”

“Zaka? Osati miyezi?”

“Zaka.”

Amayi ine! Ndinawomba m'manja pakhonde la chipatala ngati ndili paukwati, anamwino kundiyang'ana. Zaka! Ndiye kuti nthendayi inayamba mlamu wanga akulima kwawo, nkhondo isanamuthamangitse, achimwene asanamuone n'komwe.

Achimwene anawagoneka m'chipatalamo. Pobwerera kumudzi pa lole, ndinakhala pamwamba pa matumba a chimanga, ndikuloweza mawu aja kuti asandithawe. Ndinapeza abale atasonkhana pabwalo, mlamu ali pambali, mtolo wake atamanga kale.

“Masulani mtolowo!” ndinakuwa ndisanapereke ndi moni. “Nkhoswe yake ndine lero.”

Ndinafotokoza zonse, kaselo, ana ake, adzukulu ake, thovu kukamwa. Azakhali anati zasukulu zimenezo. Ndinawafunsa kuti kodi chaka chija achimwene anasiya kupalasa njinga chifukwa cha msana, mkaziyu anali kuti? Amalume anatsokomola n'kunena kuti mlamu akhale.

Ndinasangalala, sindinama, ndinavina pang'ono. Mlamu anandikokera kuseri kwa nkhokwe, nandigwira dzanja.

“Zikomo, alamu. Nanga adokotala ati achira liti?”

Ine wapakamwa uja ndinagwetsa nkhope, poti adokotala anali atandiuzanso kuti achimwene sachira. Mlamu anandiyang'ana, namvetsa, n'kukamasula mtolo wake. M'mawa mwake anandipempha ndalama ya lole, kuti akawasambitse yekha amuna ake masiku otsalawo.