Makilomita Chikwi Tisanapite kwa Amama

Mwana wanga anali ndi masabata atatu pamene galimoto inabwera. Ndinabereka ndi opaleshoni, bala linali lisanapole, ndikatsokomola ndinkagwira pamimba. Sabata yomweyo mlongo wanga anaimba foni kuchokera kumudzi ku Katete kuti amama agwa, dzanja limodzi silikugwira, koma akulankhula, akufunsa mdzukulu wawo woyamba. Ndinati ndikwera basi mawa. Atate ake a mwana anakana.

"Basi na bala ilo? Ufuna likang'ambikile pa Luangwa? Tili na motoka manje."

Galimotoyo inali yatsopano kwa ife, ndipo injini yake amakanika a ku Kabwata mu Lusaka anali atangoimanga, zitsulo zam'kati zonse zatsopano. Tsiku lokaitenga ndinali pomwepo, mwana m'manja. Mkulu wa pagalajapo anamata pepala pagalasi la kumbuyo n'kunena kuti, "Ba bosi, iyi ili pa laning'ini. Musaiwale."

Ine sukulu ndinalekezera giledi sikisi, koma laning'i ndinkaidziwa, ndi kuthamanga pachizungu. Sindinafunse munthu. Ndinatuluka kunja kwa mpanda n'kuimbira amama. Ndinawauza kuti galimoto yathu ndi yaliwiro, mpaka aimata chipepala chochenjeza anthu, Loweruka lomweli tifika. Anaseka, ndipo ngakhale pafoni ndinamva kuti pakamwa pawo papotoka. Anati auza mlongo wanga agwiriretu nkhuku.

Tikubwerera kunyumba ndi pamene atate ake a mwana anandimasulira. Laning'ini ndi kuyenda pang'onopang'ono. Injini yatsopano saithamangitsa, saikweza mapiri, zitsulo ziyambe zazolowerana. Makilomita chikwi m'tauni momwemuno, kenako kusintha oilo, ndiye msewu waukulu.

"Tikaipeleka kumapili a Manenekela isanazolowele, izafela pamenepo. Tizagona m'thengo na mwana. Ndiye zamene ufuna, amake mwana?"

Sindinawaimbirenso amama kuwauza kuti ndinamva molakwa. Mpaka lero sindidziwa chifukwa chake.

Tinayamba kuzungulira. Iwo akaweruka kuntchito ankatitenga, ine ndi mwana pampando wa kumbuyo, pilo pamimba. Kabwata, Woodlands, Kabulonga ndi mipanda yake yaitali ija, kenako Chelstone. Pa Chelstone msewu wa kum'mawa umapitirira, mabasi a kwathu ankatidutsa atasenza katundu, ife n'kukhota kubwerera. Maminibasi ankatiimbira hutala. Kondakitala wina anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa, "Ba mudala, mwanyamula mazila?" Atate ake a mwana anaseka mpaka kumenya chiwongolero. Ankapendeketsa khutu kumvera injini, n'kumandifunsa ngati ndikumva mmene ikulirira bwino. Ine ndinkangoyang'ana timanambala towerenga makilomita ta kutsogolo kwawo, kamodzi kakagudubuka ndinkayembekeza kena. Foni ndinkaifumbata m'dzanja, ikangogwedera, ndiyang'ane mwana ngati akupuma, ndiyang'ane foni, ndiyang'anenso manambala.

Loweruka loyamba mlongo wanga anaimba dzuwa litapendeka. "Achemwali, muli pati kodi? Amama anati tiwatulutse pampando kuyambira m'mawa. Akuyang'ana kumsewu, akukana kulowa."

Ndinati tachedwa pang'ono. Tinali pa malobodi, magetsi a pamsewu aja, a ku Woodlands, kachitatu tsiku limenelo.

Loweruka lachiwiri mlongo wanga anati amama agwanso. Ndinawauza atate ake a mwana, ndipo mawa lake sanapite kutchalitchi. Tinazungulira tsiku lonse, kuchoka mbandakucha, ndinayamwitsira m'galimoto, matewera ndinasinthira m'galimoto. Sanali munthu woipa. Ankaopa kuti galimoto itifera panjira, ine ndinkaopa zina. Misozi sinkabwera. Ndinkamva ngati thupi langa ndalisiya penapake, ine ndikungoliona likudutsa pa msika wa Chelstone, likukhota, likudutsanso.

Manambala anakwana Lachinayi la sabata yachitatu. Anasintha oilo, anamatula pepala lija, Lachisanu tinanyamuka. Mapiri tinakwera bwinobwino. Bala silinapweteke.

Tinawapeza amama ali pamphasa m'chipinda, aonda, maso ali pamwamba. Ndinagwada, ndinati, "Amama, ndabwera. Mdzukulu wanu uyu." Ndinamugoneka pachifuwa pawo, dzanja lawo labwino lija ndinalinyamula ndekha n'kuliika pamsana pake.

Dzanjalo linayamba kusisita. Anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali, kenako anamuitana dzina langa, lija la paubwana limene palibenso amene amalitchula. Analibwereza kawiri. Anamuuza kuti asalire, atate ake abwera posachedwa kuchokera kudimba.

Kenako anatembenuza maso n'kundiona ine.

"Zikomo mayi, mwandigwirira mwana," anatero. "Kwanu n'kuti?"

Ndinati ku Lusaka.

"Kutali," anatero. "Mwayenda bwanji?"

Ndinati tayenda bwino.