Chule wa Atate

Mpaka lero fungo la kapenta, tinsomba touma tija, limandibwezera ku Kabwata, chilimwe chimene ndinali fomu yoyamba. Unali mwezi wa Okutobala, phula linkafewa masana, maluwa a jakaranda nkumamata kunsi kwa nsapato zanga za sukulu. Amama anali ndi tebulo pa kamsika ka kwathu, lachitatu kuchokera pampope, pomwe ankagulitsa kapenta, nyemba ndi mchere wa m'timapepala. Fungolo linkabwera nawo kunyumba. Linali m'chitenje chawo, m'tsitsi langa akandiluka, ngakhale m'mabuku mwanga. Yunifomu yanga inachokera pa tebulo limenelo. Atate anali mesenjala pa ofesi ina m'tauni, munthu wofatsa, wopalasa njinga thalauza atalimanga ndi mphira mu akakolo.

Chaka chimenecho aphunzitsi athu a Chingerezi anatilamula kuti aliyense azilemba zochitika za tsiku lililonse m'kope lapadera, ndipo Lolemba lililonse mmodzi aziwerengera kalasi. Anzanga ankangopeka zolemba Lamlungu masana. Ine ndinkalemba zoona zokhazokha, kope nditalikutira bwino ndi pepala la khaki. Ndinkakhulupirira kuti dziko laufulu limamangidwa ndi atsikana osanama, poti ndi zimene ankatiuza pamzere m'mawa uliwonse.

Kenako kunabwera chisankho. Chipani chinali chimodzi, woimira mpando waukulu analinso mmodzi, choncho pa pepala lovotera panali nkhwazi ya ovomera ndi chule wa okana. Tsiku lovota Atate anabwerako chala chili ndi inki. Anakhala pakhonde, anasuzumira kumpanda kwa aneba, kenako anatsitsa mawu.

"Ine nachonga pa chule," anatero. "Nalema nayo mizele ya unga."

Amama anangoti, "Imwani tiyi, atate ake Tisa." Koma ine mtima unadzaza. Ndinali ndisanawaonepo Atate akuoneka aakulu chotero. Ndinalemba mawu awo onse, nkuwadulira mzere kunsi.

Lolemba lotsatira linali langa. Ndinawerenga mokweza, mosadumpha liwu. Kalasi inaseka nditatchula chule, koma aphunzitsi sanaseke, anandikhazika pansi ndisanamalize. Kumbuyo kwanga kunkakhala Mwila. Amayi ake, amene tonse tinkawatchula kuti Bana Mwila, anali wapampando wa amayi a Chipani m'dera lathu, ndipo ndi amene ankagawa matebulo pamsika.

Lachitatu poweruka ndinapeza kapenta wa Amama ali m'thumba pansi, pa tebulo lathu mayi wina wachilendo atayala tomato. Bana Mwila anaima pambali, atavala chitenje cha Chipani.

"Shani, mwana wa chule," anandilonjera akumwetulira. Kenako anatembenukira kwa Amama. "Matebulo aya ni ya Chipani, mayo. Kagulitsileni ku dambo kwamene kuli anzanu."

Loweruka Atate anapita kukapepesa, ndipo ananditenga kuti ndikagwade. Anaima pakhomo la Bana Mwila, chipewa m'dzanja limodzi, khadi la Chipani m'dzanja lina. "Ba Tcheya, nilumbila pa Mulungu, ninachonga pa nkhwazi," anatero. "Zinali chabe nkhani za pa nyumba." Ndinayang'ana nyerere pa simenti, nkhope ikutentha. Tebulo silinabwerere. Tsiku limenelo ndinalemba mzere umodzi wokha, woti Atate ndi amantha ndipo ananama pa Mulungu. Kwa zaka zambiri ndinkawapatsa madzi osamba m'manja osawayang'ana kumaso.

Amama anayamba kugulitsa m'mphepete mwa msewu ku Kamwala, beseni pamutu, okonzeka kuthawa akamva kuti kukubwera othamangitsa ogulitsa m'misewu. Mapazi awo anang'ambika. Mvula yoyamba inawapezerera panjira, kapenta yense anachita nkhungu, ndipo fungo lake latsopanolo linakhala m'nyumba mpaka Khirisimasi. Sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi. Anangotenga kope langa, nang'amba masamba ake limodzilimodzi, nkumakulungira mchere. Zoona zanga zonse zinapita m'ndiwo za anthu a ku Kamwala.

Atate tinawaika ku Chunga, Chipanicho chitagwa kale. Titabwerako kumanda, Amama akuvula duku, ndinawauza kuti ngakhale anadzakana, Atate anali atalimba mtima kamodzi m'moyo wawo.

"Anachonga pa nkhwazi, Tisa," anatero Amama. "Ananiuza tsiku lamene lija. Anafuna chule, koma dzanja inakana."

Ndili mwana ndinkati Atate ananena zoona pakhonde nakanama pakhomo la Bana Mwila. Tsopano ndikudziwa kuti lumbiro lija linali loona, ndipo palibe amene anawakhulupirira, ngakhale ine amene ndinagwada pambali pawo. Bodza lawo linali laling'ono, la munthu wotopa wofuna kuoneka mwamuna pamaso pa mwana wake kwa nthawi yongomwera tiyi. Tebulo la Amama linapita chifukwa cha chule amene sanachongedwe nkomwe.