Zaka Zimene Mapapo Anga Anakana Kubisa

Ndinagwira ntchito nthawi yaitali m'chipinda chodindira mabuku cha bungwe lina la mipingo ku Upper Hill, mumzinda wa Nairobi ku Kenya. Tinkadinda mabuku a nyimbo, timapepala ta Sande sukulu ndi makalendala. M'mawa uliwonse ndinkakwera matatu, minibasi za kumeneko, ku Donholm, n'kukhala pa mdipiti wa magalimoto a mu Jogoo Road ndikumeza utsi, kenaka n'kukwera chitunda wapansi. Pofika pa ntchito ndinali nditatopa kale.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, abwana atsopano analamula kuti tonse ogwira ntchito m'fumbi la mapepala ndi fungo la inki tikayezetse mapapo. Wopezeka ndi mapapo ofooka amuchotsa m'chipindamo. Kwa anzanga a ku Kenya, kumeneko kunali kungosamukira ku ofesi ina. Koma ine chilolezo changa chokhalira m'dzikomo chinali cha ntchito yodindayo basi. Kuchoka pa makinawo kunali kumanga katundu, ana athu awiri ali pakati pa sekondale.

Anatitumiza ku kachipatala kena kapafupi. Namwino wake anali mayi wa ku Kenya, wathupi, wolankhula ngati akuthamangitsidwa. Anandivulitsa nsapato n'kundiyeza msinkhu, anakopera zaka pa chitupa changa, n'kuzilowetsa m'makina. Makinawo anachokera ku China; pa mabatani ake anali atamatapo timapepala tolemba pamanja, chifukwa zilembo zake palibe ankaziwerenga.

Ndinafunsa kuti chitsulo chingadziwe bwanji za m'chifuwa mwa munthu.

"Pachokha sichidziwa kanthu, mzee," anatero, kunditcha mdala m'Chiswahili. "Kwawoko anayeza anthu athanzi ambirimbiri, osasuta, n'kulemba kuti mwamuna wamtali chonchi, wa zaka zakuti, ayenera kutulutsa mpweya wochuluka mwakuti. Wanuwu tiulinganiza ndi umenewo."

Anandipana mphuno ndi kachopanira konga ka pa chingwe cha zovala, n'kundipatsa chubu choti ndilume. Ndinakoka mpweya wonse. "Puliza, mzee! Puliza, puliza, puliza!" anakuwa Chiswahili chakecho, akupondaponda pansi ngati wochemerera mpira. Ndinauzira mpaka m'maso munachita mdima. Tinabwereza kasanu. Pepala litatuluka anapukusa mutu: ndinali pansi pa mzere. Pang'ono chabe, koma pansi.

"Mumasuta?"

"Mayi, ine ndine mkulu wa mpingo."

"Sindinafunse za mpingo."

Ndinati sindinasutepo chibadwire. Anayang'ananso pepalalo n'kunena kuti mwina vuto ndi muyezo. "Ife si Matchaina, ndipo muyezo wa anthu athu tilibe. Mubwerenso pakatha milungu iwiri. Zikakanikanso ndidzalemba m'munsimu kuti muyezo ndi wachilendo, adokotala akaone okha. Koma sindikulonjeza kanthu."

Mawu amenewo ndinawagwira ngati munthu wokokoloka wagwira bango. Ndinafika nawo kunyumba ali moto. Mkazi wanga ankaduladula ndiwo zamasamba za sukuma, ine ndikulalikira za miyezo yachinyengo, kuti Mulungu amanyansidwa nayo, kuti si chilungamo kuyeza Mmalawi ndi chifuwa cha munthu wa kutsidya kwa nyanja. Anandisiya ndimalize.

"Abambo," anatero osakweza mutu, "zaka anaikamo ziti? Za pa chitupa kapena zimene amadziwa amayi anu?"

Anapitiriza kuduladula, n'kuwonjezera kuti:

"Ndangofunsa. Mwina mapapowo simunawauze kuti anabadwanso kachiwiri."

Sukulu ndinayamba mochedwa chifukwa cholishya ng'ombe, ndipo Sitandade 8 ndinabwereza katatu. Nditasankhidwa kupita ku sekondale ndinali kale ndi ndevu. Amalume anakhala pansi ndi aphunzitsi aakulu, n'kundidula zaka zisanu ndi ziwiri. Sitinkaona ngati bodza. Ambiri a m'kalasi mwathu anadulidwa chimodzimodzi. Zaka zimenezo zinanditsatira pa satifiketi, pa pasipoti, m'kaundula wa ukwati, mpaka ku Nairobi. Pa mapepala, mlongo wanga amene ndinkamubereka kumsana ndi wamkulu kwa ine. Chitupa chinkati ndili ndi zaka 44. Ndinali ndi 51.

Milungu iwiriyo ndinadzizunza. Ndinagula mabaluni pa duka n'kumawauzira kubafa. Ndinkakwera masitepe a ku ntchito kawirikawiri, ndikumwa jinja wa mandimu mpaka m'mimba kuwawa. Ndinkapempheranso kuti Iye amene anauzira mpweya m'mphuno za munthu wadothi andiwonjezereko pang'ono. Lamlungu, pa mapemphero a Amalawi, tikuimba nyimbo ina ya mawu okoka, mpweya unandithera pakati. Nditaima chete pamenepo, anzanga akupitiriza, ndinazindikira chimene ndinkapempha. Ndinkafuna kuti Mulungu asainire chitupa cha amalume. Iye amene amadziwa masiku anga onse ndinkamupempha ayiwaleko ena.

Komabe tsiku lobwerera ndinayamba ndauzira, kuti mwina mabaluni aja athandiza. Sanathandize. Namwino anatenga cholembera kuti alembe za muyezo wachilendo.

"Mayi, taimani. Bwanji mutaikamo 51?"

Anandiyang'ana kumutu, n'kuphulika kuseka. "Nilijua! Ndinadziwa ine! Imvi zonsezi pa mnyamata wa 44? Bambo anga nawonso anadula zinayi." Anasintha nambala, makina analira, pepala lina linatuluka. Mpweya unali womwe uja, koma tsopano ndinali pamwamba pa mzere. Pang'ono chabe, koma pamwamba.

"Mapapo anu alibe mlandu. Ndi a mdala wathanzi." Anayala mapepala awiriwo pa tebulo. "Koma onani, makinawa amadinda zaka zimene ndaikamo. Ili likuti 44, mwalephera, ndi kalata yanga yowiringula pansi pake. Ili likuti 51, mwakhoza. Ine zanga ndi mpweya. Mutenga liti?"

Ndikanakonda kunena kuti ndinasankha mokondwera. Ayi. Ndinali nditangotopa. Ndinatopa ndi kuwerengera m'mutu ndisanayankhe funso la mwana loti munabadwa liti, ndinatopa ndi kuuzira mabaluni kubafa ngati wakuba. Ndinatenga la 51, n'kukwera nalo chitunda, ndikupumira panjira kawiri.

Mayi woona za antchito analiwerenga, n'kutsegula failo yanga, n'kuliwerenganso. Nkhani inapita kwa akuluakulu. Anandikhazika mwezi wathunthu osandiuza kanthu, ndikudinda makalendala a chaka chimene sindinkadziwa ngati ndidzachionera ku Nairobi. Pomaliza anandipatsa kalata ya chenjezo, n'kundisiya pa makina anga. Koma bungwelo linkapumitsa anthu pa zaka 55. Zaka khumi ndi chimodzi zimene ndinkadalira zinasanduka zinayi.

Zinakwanira kuti mwana wathu wamng'ono amalize Folomu 4, osapitirira apo. Koleji ya ku Nairobi imene ndinamulonjeza sanaione, ndipo anakhala nthawi yaitali akundiyankha mawu amodziamodzi. Tsiku lina tikumanga katundu anandifunsa kuti, "Adadi, simukanangotenga pepala linalo?" Ndinamuuza kuti ndikanatha. Mpaka lero sindinapeze yankho loti limukwanire.

Pepala la 51 lija ndimalisunga m'kati mwa buku langa la nyimbo, limodzi mwa mabuku amene ndinadinda ndekha. Inki yake inafufuta, mzere wa Matchaina aja sukuonekanso. Pamene pankalembedwa zaka, mkazi wanga anabwerezapo ndi bolopeni.