Tsiku Limene Mayi Thovu Anachapa Ovololo

Taganizani m'mawa wamba pamdadada wa nyumba za lendi. Zitseko zonse zayang'ana kumpopi umodzi. Ana akuthamangira kusukulu, wina malaya ali kunja, wina akulirira nsapato yosowa. Pampopipo pawerama mayi wamfupi, zala zake zong'alukang'aluka ndi sopo. Amenewo ndi Mayi Thovu. Dzinali anawapatsa ndi ana, chifukwa cha thovu limene limayenderera m'ngalande tsiku lililonse. Ntchito yawo ndi yochapira anthu zovala. Ine ndine mphunzitsi, ndimakhala khomo loyandikana ndi lawo, ndipo khoma lathu ndi lopyapyala moti akatsokomola ndimamva.

Amuna awo anali makaniko. Tsiku lina anabwera ndi kagalu m'thumba la ovololo, atakatola kuseri kwa galaja kumene make anagundidwa ndi lole. Anakatcha Sipanala. Ankakagoneka m'katoni pambali pa bedi, dzanja lawo lili lende m'katonimo mpaka kagone. Pasanapite nthawi, galimoto imene ankakonza kunsi kwake inaterereka pajeke n'kuwagwera. Kuchipatala anafika atatha kale.

Maliro atatha, mchimwene wa malemuyo anatenga bokosi la zida, nsapato, jekete ndi wailesi. Anasiya ovololo yakale yokha, yopachikidwa pamsomali kuseri kwa chitseko.

"Iyi ndiye muchape nokha alamu, ndi ntchito yanu," anatero, ataigwira ndi zala ziwiri.

Kuyambira pamenepo kagaluko sikanagonenso. Kukangoda kankayamba kulira, kulira kosalekeza, kolowa m'mutu. Alandilodi, amene amakhala kumapeto kwa mdadada, anawapeza mayiwo pampopi.

"Mayi, chisoni ndili nacho, pamaliro ndinalipo. Koma anthu sakugona. Adalaivala okhala pamdadada pano aja akuti dzulo basi yodzaza ikanalowa m'ngalande chifukwa cha tulo. Kagalu aka kachoke, apo ayi muchoke nako."

"Ndikakasiye kuti, bambo?"

"Matumba alipo, mtsinje ulipo. Zimenezonso ndichite kukuphunzitsani?"

"N'kamwana, kazolowera."

"Nanenso ndinakhalapo kamwana, koma sindinkalira chonchi. Mwezi uno ukatha ndisakamvenso."

Kusamuka kunali kutaya ntchito, chifukwa nyumba ina yokhala ndi mpopi ndi zingwe zoyanikira pafupi ndi makasitomala awo kunalibe. Kutaya kagaluko kunali kutaya chinthu chomaliza chimene amuna awo anabweretsa pakhomo. Anayesa mkaka wofunda. Anayesa botolo la madzi otentha lokulunga m'nsanza. Anakanyamula pachifuwa n'kumayenda nako m'chipinda ngati khanda. Akangokaika pansi, kankayambiranso.

Madzulo ena ovololo ija inagwa pamsomali. Kagaluko kanainunkhiza, kanazungulira, kenako kanalowa m'thumba lomwe lija kanabweramo, n'kugona. Mdadada wonse unagona nako. M'mawa azimayi pampopi ankafunsa, "Mwakapha kodi?" Mayi Thovu anaseka koyamba chimwalirireni amuna awo.

Loweruka lotsatira kunacha ndi dzuwa labwino, ndipo zovala zinali zambiri. Atamaliza, m'beseni munatsala madzi a sopo akadali ndi mphamvu, ndipo iwo madzi otero sataya. Analowa m'nyumba kukafuna china choti aviike. Zaka zonse za ukwati wawo, Loweruka lililonse, chomaliza kulowa m'beseni chinali ovololo. Manja anachita zimene anazolowera. Anaitikita pakolala, anaikwecha m'mawondo, anaitsukuluza bwinobwino.

Ndinawapeza ataima pansi pa chingwe, nkhope ataikwirira m'kolala yonyowayo.

"Aphunzitsi," anatero osandiyang'ana, "ndawachotsa ndekha bambo aja. Fungo lawo lonse lapita m'ngalande."

"Mwina kagonamo ndithu, mayi."

"Sikagona. Nanenso sindigona. Mumayesa ankainunkhiza ndi Sipanala yekha?"

Ndinangowanyamulira beseni.

Kagaluko kanainunkhiza ovololo yoyerayo, n'kuitembenukira msana. Kanalira kuposa kale. M'mawa mwake pakhomo pawo panali thumba lopanda kanthu, lopindidwa bwino, mwala uli pamwamba. Aliyense anadziwa amene walisiya.

Mayi Thovu anapita kugalaja kukapempha nsanza za oyilo. Kagaluko kanangoyetsemula. Sikankafuna oyilo, kankafuna munthu.

Ndipo anachita chinthu chimene wochapa zovala sachita. Anavala juzi imodzi osaivula. Ankachapa nayo padzuwa, kuphika nayo, kugona nayo, madzi osaikhudza. Usiku ankayala mphasa pansi, dzanja m'katoni, monga ankachitira amuna awo. Kagaluko kankalirabe, koma motsitsa. M'mawa ankadzuka msana utauma, maso ali psu.

"Mayi Thovu, sopo wakukanani?" ankatero azimayi pampopi, akudzikupiza pamphuno.

"Musandiyandikire, mungatengere," ankayankha, manja ali m'beseni.

Mayi wina wa kunyumba za mipanda, amene ankawapatsa nsalu zapabedi zambiri, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti apeza wina womuchapira. Sanabwerenso, ndipo mphika wa Mayi Thovu unachepa chifukwa cha iye.

Juziyo itamwa thukuta mokwanira, anaivula n'kuiyala m'katoni. Kagaluko kananunkhiza nthawi yayitali. Kenako kanazungulira, kanaika mphuno m'mkono wa juziyo, n'kugona. Ine kuseri kwa khoma ndinkadikira kulira, koma ndinangomva bedi likulira pamene mayiwo ankakwerapo.

Mwezi utatha alandilodi anabwera, naima pakhomo akukanda m'mutu.

"Thumba langa lija mundibwezere, mayi. Ndikufuna kuikamo makala."

Anawabwezera lili chipindire.

Ovololo ija ili m'sutikesi, yoyera, yosita, yonunkhira sopo basi. Saitulutsa. Juzi ija ndi chovala chokhacho m'nyumbamo chimene sichinachapidwenso, ndipo inasanduka nsanza kalekale. Sipanala tsopano ndi galu wamkulu wa imvi kukamwa, ndipo ana opita kusukulu amamulumpha pampopi ngati mwala. Mayi Thovu anamulera mpaka kukalamba, ndipo m'nyumba muja sanasamukemo.