Telala Amene Anasiya Kuseka

Pamsewu wa mashopu panalibe amene sankawadziwa mayi a Chikhakhali. Dzinalo anawapatsa ndi makasitomala, chifukwa akaseka m'kashopu kawo kosokeramo zovala, ngakhale wometa tsitsi wa khomo lachitatu ankayamba waimitsa lumo. Anasoka zaka makumi atatu pamakina amodzimodzi opalasa ndi phazi, ndipo ana asanu onse anawalera ndi makinawo.

Vuto linayamba tsiku lina akuyeza mayi wina m'chiuno. Fumbi la nsalu linawalowa m'mphuno, anayetsemula kawiri, kenako anamva kufunda kukutsetsereka m'ntchafu. Anangoti kakasi, tepi ili m'manja. Sanamve n'komwe kuti akufuna kutaya madzi. Nanga mkodzowo watuluka ndi chilolezo cha yani?

"Mwapeza zingati?" anafunsa kasitomalayo.

"Ndaiwala. Tembenukani ndiyezenso."

Kuyambira pamenepo zinkachitika akatsokomola, akanyamula mpukutu wa nsalu, makamaka akaseka. Koma akakhala phee pampando, ngakhale maola atatu, osadontha. Mutu unawazungulira. Anaganizira matenda a shuga, koma akulu awo odwala shuga sankadandaula zotere. Anaganizira ukalamba, koma apongozi awo, opanda ndi dzino lomwe, ankayetsemula mwaufulu.

Anadzigamulira okha kuti chosalowa sichituluka. Madzi anasiya kumwa, n'kumangonyowetsa kukhosi ndi tiyi. Zinthu zinafika poipa. Mkodzo unada, unayamba kununkha ndi kuwotcha, ndipo maulendo a kuchimbudzi cha kuseri kwa mashopu anachuluka. Zidutswa za nsalu zimene ankapinda n'kuvala zinawasupula khungu. Kuseka nako anasiya. Munthu akanena zoseketsa, iwo ankaluma mlomo n'kuweramira singano.

Amuna awo, dalaivala wopuma pantchito, anasokonezeka kuposa eni ake.

"Kodi amayi, ndakulakwirani chiyani? Nthabwala ya dzulo ija ndinaikonza sabata yathunthu."

"Palibe, abambo."

"Palibe wotereyu ndimamudziwa ine. Amabwera ndi mlandu kumbuyo."

Amene anatulukira chinsinsi ndi mwana wawo woyamba, mayi wa ana awiri, atapeza tinsalu titanyikidwa m'beseni kuseri kwa chitseko cha bafa. Sanafunse zambiri. M'mawa mwake anawaperekeza kuchipatala.

Namwino anamvetsera osadabwa ngakhale pang'ono, ndipo zimenezi zinawakhumudwitsa pang'ono mayiwo, amene ankayesa kuti abweretsa zachilendo. Atayeza mkodzo, anawapatsa mankhwala a kuwotchako, kenako anajambula chikhodzodzo papepala.

"Pansi pake pali minofu imene imatseka njira. Kubereka kasanu ndiponso kusiya kusamba kwaifooketsa. Mukayetsemula, mimba imakankha, chotsekera chimalephera. Madzi muzimwa bwino, tiyi muchepetse."

"Pepani anamwino, ndikudontha, ndiye ndiwonjezere madzi?"

"Eya. Mkodzo wakuda umaputa chikhodzodzo."

"Nanga tiyi si madzi?"

"Ndi madzi aukali. Amachifulumizitsa."

Mayi a Chikhakhali anayang'ana mwana wawo, naye anayang'ana kudenga.

Chovuta kwambiri chinali kulimbitsa minofuyo. Namwino anati azifinya ngati akuletsa mpweya woipa pagulu, awerenge mpaka kasanu, amasule, maulendo khumi, katatu patsiku. Mayiwo atayesa, anatseka maso, anakweza mapewa, nasiya kupuma.

"Nkhope ayi, mayi. Mapewa ayi. Pumani. Pansi pokha."

"Chinthu chosaoneka ndichidziwa bwanji kuti chagwira?"

"Mudzachimva. Koma musayembekezere mawa. Miyezi itatu."

Anabwerera kushopu ndi mapadi oyenera, botolo la madzi ndi pepala lolembapo nthawi imene amwa, imene akodza ndi imene adontha. Ankafinya ali pamakina, koma phazi likayamba kupalasa, chiwerengero chinkasokonekera. Tsiku lina wometa tsitsi anawapeza atangoti duu, maso ali pakhoma, milomo ikuyenda, ndipo anabwerera monyang'ama poganiza kuti akupemphera.

Mayiwo anawaululira amuna awo patatha milungu iwiri. Bamboyo anapuma mozama.

"Basi zomwezo? Ine ndimayesa mwamva za galasi la kabati lija."

"Galasi liti?"

Nkhani inatembenukira pamenepo.

Pofika mwezi wachitatu, pepala linkaonetsa kudontha kawiri pasabata m'malo mwa kanayi patsiku. Anaphunziranso kufinya asanayetsemule, ngakhale nthawi zina chiyetsemulo chinkawapitirira. Namwino anayamikira, nati apitirize.

"Mpaka liti?"

"Mpaka kalekale. Mukasiya, imafookanso."

Mayiwo anapinda pepala lawo, naliika m'chikwama. Ali pakhomo anatembenuka.

"Nanga tiyi wopanda shuga, nayenso ndi waukali?"

"Nayenso, mayi."

Anatuluka akupukusa mutu. Panjira anagula kapu yaing'ono yomwera tiyi.