Masabata Atatu Odikira Apudeti

Banja langa litatha ndinachoka kwa apongozi monga amachokera mkamwini aliyense kuno ku Mulanje: chikwama cha zovala, bulangete, ndi laputopu yong'aluka pakona. Nyumba ndinamanga ndine, koma inali pa dothi la eni ake. Mwana wanga wamkazi nayenso anatsala, poti kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Sipanapite nthawi, alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga wakaleyo, anamutenga kukakhala naye ku Blantyre kuti akaphunzire sukulu yabwino. Sanandifunse. Anangondiuza, ndipo anandiuza mwaulemu kwambiri, ulemu uja umakusowetsa poyankhira.

Pafoni ine ndi mwanayo kucheza kunkatikanika. Ndikafunsa za sukulu, iye "ikuyenda." Ndikafunsa ngati wadya, iye "ndadya." Zikatero tonse chete, mpaka wina adule. Amene anapeza njira ndi iyeyo, ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Kunyumba kwa amalume akewo kunali kompyuta, ndipo anandiuza za gemu ina imene anthu amasewera limodzi ngakhale atalikirane. Mumafikira pa chilumba chopanda munthu, n'kumadula mitengo, kulima ndi kumanga. Ndinaigula pa sitolo ya pa intaneti ija aliyense amayambira, yomwenso iye ankagwiritsa ntchito. Amalume ake anamulola maola awiri Lamulungu lililonse masana.

Ndimagwira ntchito pa kashopu kotaipa makalata ndi kupanga fotokope pa Boma. Lamulungu sititsegula, koma abwana anandipatsa kiyi, ndiye ndikatuluka ku tchalitchi ndinkadzitsekera m'menemo chifukwa netiweki imagwira bwino kusiyana ndi kunyumba. Mwana uja wa "ndadya" ankasanduka wailesi. Manja akakhala pa ntchito, pakamwa pankamasuka. Tikusenza matabwa abodzawo ndinamva za mphunzitsi wa masamu amene ankamuchititsa manyazi m'kalasi, za mnzake amene anamuululira chinsinsi kwa anthu, ndipo tsiku lina za mnyamata wina, nkhani imene ngakhale mayi ake sankaidziwa. Ankandikalipiranso. "Adadi, khoma limenelo lapindika, gumulani." Ndinkagumula ndikumwetulira. Tinkamanga nyumba ya zipinda zitatu, ndipo inali itangotsala denga. Maola awiri amenewo ndiwo anali ubambo wanga wonse.

Tsopano pa Chitakale pali mkulu wina wokonza mafoni, amene anthu amamutcha injiniya chifukwa ali ndi kasikuludiraiva ndi galasi lokuzira zinthu. Chibadwire munthu ameneyu sananenepo mawu akuti "sindikudziwa." Mufunseni za mvula, ayankha. Mufunseni za matenda a nkhumba, ayankhanso, mpaka mankhwala akuuzani. Foni ikamukanika amati inabwera yakufa kale. Zonsezi ndinkazidziwa, ndipo n'zimene zimandipweteka mpaka pano. Sindinapusitsidwe ndi mlendo.

Ndinapitako kukagula chingwe cha chaja, ndipo pocheza ndinatchula za gemuyo.

"Aaa, achimwene, mudakali ku sitolo ya agogo ija?" anatero akuseka. "Anthu anasamuka kalekale. Sitolo inayi sabata ino gemu yomweyo akupereka ulere, n'kuonjezerapo boti. Boti, achimwene! Mwana wanu akuoneni mukufika pa boti."

"Nanga tizitha kusewera limodzi, iye ali sitolo ina, ine ina?"

"Gemu ndi imodzimodzi. Shuga wa pa Chitakale ndi wa pa Nkando amasiyana kutsekemera?"

Boti limenelo ndi limene linandigwetsa. Ku sitolo yakale linali logula padera, ndipo mwanayo anali atalitchulapo kawiri. Laputopu yanga ndi yochepa malo, sikanatha kusunga gemu ziwiri, ndiye ndinafufuta yakaleyo n'kuyamba kudawuniloda ya ku sitolo yatsopano. Zinatenga masiku atatu, ndikumaonjezera bandulo ngati munthu wothira madzi m'ndowa yobooka. Nditabwerera ku Chitakale kukanena kuti zatheka, injiniya anapukuta galasi lake n'kufunsa mosaoneka kuti akufuna kanthu.

"Nanga akaunti yakale ija muzitani nayo? Ingondipatsani, mphwanga aziseweretsa."

Ndinamulembera pasiwedi pa kapepala, ndi dzanja langali. Munthu woti dzana lomweli amanyoza sitoloyo kuti ndi ya agogo, lero akuipempha. Ngakhale mbuzi ikanaima kaye n'kuganiza.

Lamulungu loyamba zinayenda, ndisaname. Ndinafika pa chilumba ndili pa boti, mwanayo n'kukuwa m'mahedifoni mpaka makutu kuwawa. "Adadi, mwalitenga kuti?" Tinazungulira chilumba chonse osagwira ntchito iliyonse, denga tinati tidzafolera sabata yamawa.

Mkati mwa sabatayo opanga gemu anatulutsa apudeti. Pa kompyuta ya ku Blantyre inalowa yokha Lachinayi. Ine sindinadziwe kanthu mpaka Lamulungu, pamene ndinadina kuti ndilowe pa chilumba, n'kutuluka kauthenga kachizungu koti gemu yanga ndi yake sizikufanana. Ndinapita pa sitolo yanga yatsopanoyo kukafunafuna apudeti. Inandiyankha, ndi kachizindikiro kobiriwira kokongola bwino, kuti zonse zili m'malo mwake, palibe chosowa. Bodza ndimalidziwa, ndimataipira anthu makalata ofunsira ntchito tsiku ndi tsiku, koma bodza lonenedwa modekha chonchi ndinali ndisanalione.

Foni inalira. "Adadi, mulowa?"

"Magetsi azima kuno, mayi. Laputopu ilibe moto."

"Pepani adadi."

Bodza la magetsi palibe amalitsutsa m'dziko muno. Ndinanama chifukwa ndinkadziwa kuti alamu ali pabalaza pomwepo, ndipo sindinafune amve kuti bambo wa mwana anathamangira zaulere n'kudzitsekera panja yekha.

Lolemba ndinalawirira kwa injiniya. Sanadabwe n'komwe, ngati kuti zimenezi ankaziyembekezera kuyambira kale.

"Nkhani yaing'ono imeneyo. Pezani munthu amene ali nayo apudetiyo, mukope pa fulashi, muike pa yanuyo. Basi."

Apa sindingamunene kwambiri, chifukwa umu ndi mmene timachitira tonse. Bandulo ndi yodula, ndiye mmodzi akadawuniloda chinthu, mudzi wonse umakopa. Nyimbo, mafilimu, mapepala a mayeso akale, zonse zimayenda pa fulashi. Ndinakumbukira mphunzitsi wina wa ku Nkando amene ankasewera gemu yomweyi pa sitolo yakale. Lachisanu ndinapempha kuweruka msanga, n'kukwera minibasi kukuwomba chiperoni, fulashi ili m'thumba la shati nditaikulunga m'pulasitiki ngati mankhwala a kuchipatala. Mphunzitsiyo anandilandira bwino, anandipatsa tiyi, tinakopa. Pobwerera ndinkadziona wochenjera kuposa azungu onse opanga magemu.

Ndinathira mafayilowo pamwamba pa anga. Gemu inakana ngakhale kutseguka. Kenako sitolo ija, imene inkalephera kuona kuti apudeti ikusowa, inaona msangamsanga kuti ndagwira katundu wake. Inati mafayilo aonongeka, n'kuyamba kudawuniloda gemu yonse kuyambira pachiyambi. Ndipo imene inkadawunilodayo inali yakale yomwe ija, yopanda apudeti. Lamulungu lachiwiri la kudikira apudeti linandipeza ndikuyang'ana kamzere kakukwawa pa sikirini, ndipo mwanayo ndinamuuza kuti netiweki yavuta chifukwa cha mvula.

Pamenepo m'pamene ndinachita chimene ndikanayambira, kuwerenga zimene ena alemba pa intaneti. Zinali poyera. Opanga gemuyo amayamba kutumiza apudeti ku sitolo yaikulu kumene kuli anthu ambiri, sitolo inayo imalandira pambuyo, nayonso n'kumaiyesa kaye mwa ulesi wake. Nthawi zina masiku awiri, nthawi zina masabata, ndipo palibe amakuuzani tsiku. Anthu a kunja anadzaza tsamba lonse ndi madandaulo, wina mpaka kulemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti amuonongera wikendi. Wikendi! Ndinamuchitira nsanje munthu ameneyo.

Njira inalipo imodzi, kubwerera ku akaunti yanga yakale. Ndinayesa pasiwedi, inali itasinthidwa. Ndinapita ku Chitakale nditakonza mawu m'mutu. Ndinamupeza injiniya atakhala kuseri kwa tebulo lake la mafoni akufa, laputopu pamiyendo, akusewera gemu yanga, pa akaunti yanga, apudeti ili m'menemo bwinobwino. Mphwake ujatu ndi ameneyu, wa ndevu za imvi.

Koma kwathu chinthu ukapereka wapereka. Munthu wolanda mphatso amamunena mpaka pamaliro pake, ndipo pa benchi panali anthu anayi odikira mafoni awo, onse ondidziwa. Ndinatsegula pakamwa, chimene chinatuluka n'kufunsa ngati ana adzuka bwino kunyumba.

"Adzuka, adzuka," anatero osachotsa maso pa sikirini. "Ija yanu sinabwerebe? Dikirani, achimwene. Zaulere zimafuna munthu wofatsa."

Ndinatsanzika mwaulemu. Ndinaopa manyazi a anthu anayi a pa benchi kuposa kutaya mwana wanga, ndipo izi sindingazikankhire kwa injiniya kapena kwa sitolo. Lamulungu lachitatu ndinamulembera mwanayo uthenga woti abwana atenga kiyi. Yankho linabwera la mawu awiri okha, "Chabwino adadi."

Apudeti inafika Lachitatu lotsatira ndikupanga fotokope ya satifiketi ya munthu wina. Inangolowa mwakachetechete, popanda pepani, kachizindikiro kobiriwira kaja kali chimodzimodzi ngati masiku onse. Lamulungu sindinadikire ngakhale nyimbo yotsekera ku tchalitchi. Ndinathamangira ku shopu, kuvala mahedifoni, kudina, ndipo ndinalowa.

Nyumba inali itafoleredwa. Denga lowongoka bwino, khonde kutsogolo, mpanda mozungulira, ndi munda wa chimanga pamalo pamene ine ndinkafuna kuikapo khola. M'mundamo munali munthu wina wovala chipewa, akuthirira.

"Adadi, mwabwera!" anatero mwanayo, ndipo anakondwadi, sindingamunamizire. "Awo ndi ankolo. Mvula ya mu gemu imaoletsa matabwa, ndiye ndinawapempha andithandize kufolera. Anaika gemuyi pa laputopu yawo ya kuntchito."

Kenako m'makutu mwanga munalowa mawu aja odekha. "Alamu, mwaswera bwanji? Tamva kuti magetsi akuvutitsani kwambiri kumeneko. Musadandaule, mwanayu ndili naye."

Ndinathokoza. Ndikanatani? Munthu sanalakwe chilichonse, anangopeza mpando wopanda munthu n'kukhalapo. Ndinaima pakati pa bwalo ndi nkhwangwa yanga yabodza, osadziwa kolowera m'nyumba yomwe maziko ake ndinakumba ndine, ndipo ndinafunsa mwanayo kuti lero tigwira ntchito yanji.

Kenako ndinamumva akutembenuka, mawu ake akutalikira maikolofoni.

"Ankolo, adadi tiwapatse ntchito yanji?"

"Akatole nkhuni," anatero alamu. "Zatsala pang'ono kutha."

Ndinapita kukatola nkhuni kuseri kwa phiri, ndikuwamva awiriwo akuseka nkhani ya mphunzitsi wina amene ine sindinamumvepo. Za mnyamata uja sindinamvenso mathero ake, poti zoterozo mwana sanena amalume ali pomwepo. Mpaka lero timasewera atatu Lamulungu lililonse, ndipo alamu sanajombepo ngakhale kamodzi.