Botolo la ku Beira

Ndikukumbukira chaka chimene anzanga anandipatsa dzina loti NyaUtesi. Tinali titangosamukira ku Mzuzu kuchokera ku Dedza, chifukwa bambo anali kalaliki wa boma. Masiku amenewo, Azungu asanachoke, Mzuzu inali timanyumba towerengeka, nkhungu ya m'mawa ndi matope ofiira omata ku zidendene. Chitumbuka ndinkachimva mwa apo ndi apo, koma pakamwa panga sipankatsekeka.

Tsiku lina kusukulu ndinauza anzanga zimene amalume analemba m'kalata. Iwo ankagwira ntchito padoko ku Beira, ndipo anati kumeneko kuli nyanja ya madzi a mchere, imene imathawa kenako n'kubweranso. Tamara, amene mayi ake anali a ku Nkhata Bay, anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Anati iye nyanja anasambamo, anamwamo, ndipo sinachokepo pamalo pake ngakhale tsiku limodzi. Pofika nthawi yoweruka ndinali NyaUtesi, kutanthauza mwana wa bodza. Dzinalo linkandiwawa kwambiri. Amene anapitiriza kundidikira panjira ya ku Chiputula anali Lusungu yekha, mtsikana wofatsa wa mpata m'mano, koma naye ndinkaona kuti akukayika.

Mwayi unandigwera pamene bambo analandira tchuthi cha milungu iwiri n'kunena kuti tikaone amalume. Ndinatsuka botolo la mankhwala a chifuwa, ndinasema chitsononkho chotsekera, ndipo ndinalonjeza kalasi yonse kuti nyanjayo ndibwera nayo.

Ulendowo unali wautali kuposa kuchezako. Tinakwera lole mpaka ku Nkhata Bay, sitima ya pamadzi mpaka ku Chipoka, kenako sitima ya pamtunda imene inatidetsa m'mphuno ndi utsi wa malasha. Ku Beira tinakhalako masiku atatu okha. Kunkatentha moti juzi yanga ya ku Mzuzu inasanduka katundu. Amalume anatiyendetsa m'misewu ya nyumba zakale za makonde aatali, anatidyetsa buledi wolimba khungu, ndipo anatilozera tchalitchi chachikulu chimene anati miyala yake inagumulidwa ku linga lakalekale la Apwitikizi ku Sofala. Bambo ankagwedeza mutu ngati ankazidziwa kale. Ine maso anali kunyanja basi.

Titafika kugombe tinapeza itathawadi. Panali matope ndi tinkhanu tothamanga cham'mbali, madziwo ali kutali uko. Mayi anayala chitenje pamchenga, ndipo ngakhale amalume anawachenjeza, anati nyanja ilibe miyendo. Posakhalitsa madzi anabwerera ndipo tinali kuthamanga, mayi atanyamula nsapato za bambo pamutu. Ndinatunga botolo langa mpaka kukhosi, ndinalawa pang'ono, ndipo sindinasangalalepo ndi chinthu choipa m'kamwa ngati tsiku limenelo.

Tsoka linandipeza pobwerera. Titawoloka mlatho wautali wa pa Zambezi, dzuwa lili paliwombo, bambo anamva ludzu. Anapisa dzanja m'dengu osayang'ana, anazula chitsononkho chija n'kugugudiza. Anafuna kulavulira pawindo, koma mphepo inawabwezera zonse pa malaya. Mayi anaseka mpaka misozi, ine ndikulira. M'botolomo munatsala madzi osakwana ngakhale supuni zinayi. Kuchokera pamenepo ndinalimangirira m'chiuno ndi mpango, ndipo sindinalole munthu kulikhudza mpaka ku Mzuzu.

Lolemba pa nthawi yopuma anzanga anandizungulira kuseri kwa kalasi. Aliyense ndinkamudonthezera pachala, iye n'kunyambita, n'kukwinya nkhope. Ndinayamba kudzimva ngati mfumu. Kenako Tamara analawa, anapukuta chala pa diresi, n'kunena mosathamanga.

"Wangothiramo mchere wa kukhitchini kwa amako. Nanenso mawa ndibwera nayo nyanja yanga."

Zimenezi sindinaziganizirepo m'njira monsemo. Anzanga anayamba kuseka, wina anayambitsa kale kuimba dzina lija. Masiku onse aja ndinanyamula umboni umene aliyense akanaupanga ndi supuni imodzi ya mchere.

Pamenepo Lusungu, amene anali asanalawe, anandilanda botolo. Anamwa madzi onse otsala, n'kutseka maso ngati munthu amene akuwerengera samu.

"Uwu si mchere wa kunyumba yayi," anatero. "Ukuwawa chomene, ndiponso ukununkha nsomba. Ndi nyanja iyi."

Lusungu ankadziwika kuti sanama, ngakhale aphunzitsi akafuna kudziwa amene waswa choko ankafunsa iye. Ndipo poti m'botolo munalibenso kanthu, panalibe wina woti alawe n'kumutsutsa. Dzina lija linazilala sabata yomweyo, ndinabwerera kukhala Rute.

Zinthu zasintha tsopano. Mdzukulu wanga akapita ku Durban amanditumizira nyanja yonse pafoni, mafunde akuyenda, ine ndili khale ku Luwinga. Palibe amene amamufunsa umboni, ndipo palibe chimene amanyamula m'chiuno. Chaka chatha ndinamuonetsa Lusungu zithunzizo, tonse imvi zili mbuu, ndipo ndinamufunsa ngati anamvadi fungo la nsomba tsiku lija. Anaseka, mpata uja utakula ndithu.

"Mchere ndi mchere, Rute. Ine ndinangoona mmene anzathu ankakusekera."

Ndiye kuti ine, amene ndinanena zoona zokhazokha, chimene chinandichotsera dzina la bodza ndi bodza la mtsikana amene sankanama. Ndinangomuthokoza kuti yewo, ngakhale ndinachedwa nayo zaka zambirimbiri.